Safunsa anadya phula: kodi ulipo uci wosakweza shuga m'magazi?

ALIYENSE amene anayendapo pa msewu wocokera ku Lusaka kupita kumigodi anaonapo mabotolo a uci atandandalikidwa m'mbali mwa msewu kufupi ndi Kapiri Mposhi. Wina ndi wakuda bii, wina wofiirira, wina woyera ngati mafuta ophikira. Mukaima ndi kufunsa, kawirikawiri mumauzidwa kuti wakudawo ndi wa m'thengo, ndi mankhwala, ndipo ngakhale odwala matenda a shuga angadye mmene afunira.

Mau amenewa afalikira m'mabasi, m'misika ndi m'machalichi momwe. Alipo odwala amene analeka kuthira shuga wa ku Nakambala mu tiyi, nayamba kuthira masupuni awiri kapena atatu a uci, mtima uli m'malo kuti apulumuka. Ena afika mpaka poleka kumwa mapiritsi a kucipatala. Apa ndiye pali ngozi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, conco tiyeni tifunse: kodi mitundu ya uci imasiyana pa kakwezedwe ka shuga m'magazi? Nanga ulipo umene sukweza?

Nkhaniyi si yaing'ono. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unacita mu 2017 mothandizana ndi bungwe la WHO anapeza kuti m'Zambia anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse a zaka 18 mpaka 69 anali ndi shuga wokwera m'magazi. Ambiri a ife tili ndi m'bale amene akhudzidwa.

Muli ciani mu uci?

Mwa magalamu 100 a uci, pafupifupi magalamu 80 ndi shuga ndipo 17 ndi madzi. Zotsalazo ndi tinthu tocepa kwambiri monga mavitamini, mcere wa m'thupi ndi zina zimene zimaupatsa mtundu ndi fungo. Shugayo ndi wa mitundu iwiri makamaka. Woyamba ndi fructose, pafupifupi magalamu 38, ndipo waciwiri ndi glucose, pafupifupi magalamu 31.

Glucose amalowa m'magazi mwamsanga munthu akangodya. Fructose amayamba wapita ku ciwindi kukasinthidwa, ncifukwa cake sakweza shuga wa m'magazi mofulumira. Cimene ambiri sadziwa ncakuti shuga wa m'sitolo nayenso ndi glucose ndi fructose, theka ili theka ilo. Uci ndi shuga wa nzimbe ndi pacibale.

Kusiyana kwa mitundu ya uci kumacokera ku maluwa kumene njuci zinatenga timadzi. Maluwa ena amapereka fructose wambiri, ena glucose wambiri.

Sikelo ya GI

Mu 1981 Dr David Jenkins ndi anzake a pa University of Toronto ku Canada anayambitsa njira yopimira mmene cakudya cimakwezera shuga m'magazi. Njirayi imachedwa glycaemic index, mwacidule GI. Glucose weniweni anapatsidwa nambala 100. Cakudya ca 55 kupita pansi cimakweza shuga pang'onopang'ono, ca 56 mpaka 69 cili pakati, ndipo ca 70 kupita m'mwamba cimakweza mofulumira.

Pa sikelo imeneyi shuga wa m'sitolo amakhala pafupifupi pa 65, pamene uci wamba umakhala pafupifupi pa 60. Koma mukatenga mtundu umodziumodzi, manambala amatalikirana. Uci wa ku Romania wocokera ku mtengo wa robinia, umene ku Ulaya amaugulitsa ndi dzina lakuti acacia, unapezeka pa 32 cifukwa uli ndi fructose wambiri. Mtengo umenewu si umodzi ndi mitengo ya minga ya kuno kwathu. Ku Australia lipoti la mu 2005 linaonetsa uci wa mtengo wa bulugamu wochedwa yellow box pa 35, koma uci wina wosakaniza wa m'masitolo unafika pa 72. Uci wodula wa manuka wa ku New Zealand umakhala pakati pa 54 ndi 59.

Nanga kuda kapena kuyera kwa uci kumatiuza kanthu? Mu 2006 ofufuza a ku America anapima mitundu inai, kuphatikizapo uci wakuda wa buckwheat, woyera wa clover ndi wa maluwa a thonje. Yonse inapezeka pakati pa 69 ndi 74. Uci wakuda umakhaladi ndi fungo lamphamvu ndiponso tinthu toteteza thupi tocurukirapo, koma kuda kwakeko si umboni wakuti sukweza shuga.

Uci wa kuno kwathu

Zambia ndi dziko la uci. Ku cigawo ca Kumpoto cakumadzulo, m'maboma a Mwinilunga, Kabompo ndi Kasempa, alimi a njuci amapacika ming'oma ya makungwa m'nkhalango za miombo, ndipo uci wao umagulitsidwa mpaka ku Ulaya. Ku cigawo ca Kum'mawa bungwe la COMACO limagula uci kwa alimi a m'cigwa ca Luangwa ndi kuugulitsa pansi pa dzina la It's Wild. Imeneyi ndi nchito yabwino, imaphunzitsa ana ndiponso imateteza mitengo.

Koma njuci ya m'thengo sisankha mtengo umodzi. Imatera pa mutondo, pa musamba, pa mpendadzuwa wa m'munda ndi pa maluwa ena alionse amene yapeza. Conco uci wofula mu Juni sungafanane ndi wofula mu Novembala, ngakhale mng'oma ndi womwewo. Botolo la pamsewu silikuuzani kuti muli fructose wocuruka bwanji.

Cizindikiro cimodzi cilipo. Uci wa glucose wambiri, monga wa mpendadzuwa, umaundana msanga nkukhala ngati mcenga. Wa fructose wambiri umakhala wamadzimadzi kwa miyezi. Kuundana sikutanthauza kuti uciwo ndi wabodza ai. Komanso musakhulupirire uci cifukwa cakuti ndi wamadzimadzi, popeza wotenthetsedwa pamoto sufulumira kuundana, ndipo alipo acinyengo amene amasakaniza uci ndi madzi a shuga wophika. Malamulo a Codex Alimentarius amati uci wamba usapitirire magalamu 20 a madzi ndi magalamu 5 a shuga wa mtundu wa nzimbe pa magalamu 100 alionse, koma zimenezi sizipimidwa ndi maso.

Vuto lili pa supuni

GI imanena za liwiro cabe, sinena za kuculuka. Uci ndi wolemera kuposa shuga. Kasupuni ka tiyi ka shuga kamakhala ndi magalamu 4, koma kasupuni ka uci kamalemera magalamu 7, ndipo pafupifupi 6 mwa amenewa ndi shuga. Supuni yaikulu ya uci ili ndi magalamu 17 a shuga. Motero amene wacotsa masupuni awiri a shuga nkuikapo awiri a uci, waonjezera shuga m'kapu mwake m'malo mocepetsa. Tsono onjezanipo buledi woyera m'mawa ndi nsima ya ufa woyera masana.

Mu 2015 bungwe la WHO linalangiza kuti shuga woonjezera asafike pa 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, ndipo ndi bwino koposa akacepera pa 5 peresenti. Kwa munthu wamkulu imeneyi ndi pafupifupi magalamu 50 ndi magalamu 25. Pa malangizo amenewa uci unawerengedwa pamodzi ndi shuga wa m'sitolo.

Nzoona kuti ofufuza apezako zabwino. Mu 2022 akatswiri a ku Toronto anasonkhanitsa zotsatira za mayeso 18 okhudza anthu oposa 1,100, ndipo anaona kuti uci wosatenthetsa ndi wa robinia kapena clover unatsitsako pang'ono shuga wopimidwa m'mawa munthu asanadye. Koma ambiri mwa anthuwo sanali odwala shuga. Ku Iran mu 2009 odwala matenda a shuga anapatsidwa uci kwa milungu 8. Thupi linatsika, mafuta a m'magazi anakhalako bwino, koma HbA1c, cipimo coonetsa mmene shuga wakhalira kwa miyezi iwiri kapena itatu, inakwera. Uci suciza matenda a shuga, ndipo sungalowe m'malo mwa metformin, glibenclamide kapena insulini.

Pamene uci umathandiza

Ilipo nthawi imene uci ungapulumutse wodwala. Amene amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide nthawi zina shuga wao amatsika kwambiri, kufika pansi pa 4 pa makina opimira. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amamva njala ndi cizungulire. Ngati palibe mapiritsi a glucose kapena shuga, supuni imodzi yaikulu ya uci ingathandize. Dikirani mphindi 15 nkupimanso. Koma ngati munthuyo wakomoka musamuike kanthu m'kamwa, thamangirani naye kucipatala. Zimenezi zokha zikutiuza zoona zake: uci umagwira nchito pamenepa cifukwa umakweza shuga.

Makolo nawonso akumbukire kuti mwana wosakwana caka cimodzi sapatsidwa uci wa mtundu ulionse, cifukwa ungakhale ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa a botulism amene amafooketsa thupi la khanda.

Tsono titani?

Ngati mulibe matenda a shuga, idyani uci wa alimi athu, koma mwa muyezo. Ngati muli nawo, yambani mwakambirana ndi adotolo kapena anamwino a pa kiliniki yanu. Akakulolani, kasupuni kamodzi ka tiyi nkokwana, ndipo kalowe m'malo mwa shuga wina amene mukanadya tsiku limenelo. Amene ali ndi makina opimira apime asanadye, apimenso patapita maola awiri. Kwa odwala ambiri acikulire nambalayo siyenera kupitirira 10. Makinawo ndi amene adzakuuzani zoona za botolo limene mwagula, kaya ndi lakuda kapena loyera.

Ndipo inu amene muli ndi amai kapena atate odwala shuga kumudzi, mukawagulira botolo la uci pa Kapiri, musawauze kuti ndi mankhwala. Auzeni kuti ndi cakudya cotsekemera cofunika kupima, ndipo muwafunse ngati mapiritsi ao akalipo.