Kodi mumadziwa?

Ndege yochoka pa bwalo la Chileka ku Blantyre imakatera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ola limodzi lisanathe.

Mlengalenga mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 245 basi, chifukwa ndege imalunjika. Basi imadzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, makilomita opitirira 300, ndipo imatha maola anayi kapena asanu.

Munthu wochokera ku Milepa amathera nthawi yaitali pamsewu wopita ku Chileka kuposa m'ndegemo. Minibasi iyambe yadzaza, ndiye kutsika pa Limbe, kukwera ina, chikwama chili pamiyendo. Ngati muli ndi ulendo wotere, lawirirani m'mamawa, ndege sidikira munthu.