Mpira wa zisoti walowa m'mafoni

Fodya akayamba kugulidwa ku Chinkhoma, ndalama zimayenda m'midzi ya kwa Njombwa ku Kasungu, ndipo mabanja ena amagulako foni zamakono. Mwa magemu a pa intaneti amene mwana angakumane nawo muli Madden NFL, mpira wa ku America. Gemuyi idatuluka koyamba mu 1988 ndipo idatenga dzina la mphunzitsi John Madden, yemwe adamwalira mu 2021.

Mpirawu ngosiyana ndi wa Bullets ndi Wanderers. Osewera amakhala 11 mbali iliyonse, koma amavala zisoti ndipo mpira amaunyamula ndi manja. Kutsekera mdani njira ndi thupi, komwe kuno oimbira salola, kumeneko nkololedwa.

Amene amaona zakuda ndi wotchinga kumphepete, wotchedwa cornerback. Iyeyu amakhala waliwiro koma wochepa thupi, choncho akatsekeredwa, wonyamula mpira amangodutsa. Nzeru yake nkuyamba iye kuika manja pachifuwa cha womutsekerayo, kuwongola mikono, kenaka kum'kankhira pambali. Asalolenso kudutsidwa chakunja, koma wothamangayo amukusire mkati momwe muli anzake.

M'gemu, luso lodzimasula chonchi lili ndi mlingo wake, ndipo wodziwa amauona asadasankhe wosewera.

Makolo adziwe kuti gemu ya pa intaneti imadya bandulo, komanso imakopa mwana kugula osewera amphamvu ndi ndalama zenizeni. Ndi bwino kugwirizana naye nthawi yosewera akamaliza za kusukulu, chifukwa ndalama ya fodya imabwera kamodzi pachaka.