Mzere umodzi wa m'kaundula umene umaulula kusintha kwa seva ya ziwerengero

HARARE - Mwezi ndi mwezi zipatala zing'onozing'ono za m'madera a mafamu akuluakulu a ku Mashonaland, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, zimatumiza ziwerengero za odwala malungo, amayi oyembekezera ndi ana olandira katemera. Ziwerengerozi zimalowa mu DHIS2, pulogalamu imene chitukuko chake chimatsogoleredwa ndi University of Oslo, ndipo imagwiritsidwa ntchito ndi unduna wa zaumoyo ku Zimbabwe monganso ku Malawi. Nkhokwe yeniyeni imene DHIS2 imasungamo ziwerengerozo ndi seva ya PostgreSQL.

Sevayi imayenda motsatira malangizo olembedwa mu fayilo yotchedwa postgresql.conf. M'menemo ndi momwe mumanenedwa chiwerengero cha anthu amene angalumikizidwe nthawi imodzi, kukula kwa malo amene seva ingagwiritse ntchito posanja ziwerengero, ndi zina zambiri. Woyang'anira akasintha malangizo ali ndi njira ziwiri. Angathe kuzimitsa seva n'kuiyatsanso, zimene zimadula aliyense amene anali kulowetsa malipoti, kapena kuiuza kuti iwerengenso fayiloyo ili chiyendere, pogwiritsa ntchito lamulo la pg_ctl reload kapena pg_reload_conf().

Kale seva inkangolemba m'kaundula wake wa zochitika kuti yalandira chizindikiro cha SIGHUP ndipo ikuwerenganso mafayilo. Chimene chasinthika sichinkatchulidwa. Zinthu zinasintha pamene PostgreSQL 9.0 inatuluka mu Seputembala 2010. Kuyambira pamenepo, kudzera m'ntchito ya Peter Eisentraut, langizo lililonse limene lasinthika limapeza mzere wakewake wonena dzina lake ndi mlingo wake watsopano, mwachitsanzo: parameter "work_mem" changed to "32MB". Langizo likachotsedwa mu fayilo, kaundula amanenanso kuti labwerera pa mlingo wake woyambirira.

Phindu lake limaoneka bwino zinthu zikavuta. Malipoti a chigawo akayamba kutuluka mochedwa, katswiri amayang'ana tsiku ndi ola limene vutolo linayamba n'kuona ngati pali mzere wa kusintha pafupi ndi nthawiyo. Popanda mzerewu amangokhala woyerekeza, makamaka pamene amene anasintha malangizowo anasiya kale ntchito.

Komabe kaundulayu sanena zonse. Satchula mlingo wakale, ndiponso satchula munthu amene wasintha, pakuti seva imangowerenga fayilo osadziwa dzanja limene linalemba. N'chifukwa chake oyang'anira osamala amasunga mbiri ya fayiloyo padera, monga mu Git, kuti adzathe kubwerera m'mbuyo.

Msampha waukulu uli pa malangizo amene sangasinthike seva ikuyenda, monga shared_buffers ndi max_connections. Pa awa kaundula amangochenjeza kuti kusinthako kukudikira kuti seva iyatsidwenso. Chenjezoli likapanda kuwerengedwa, langizo latsopanolo limagona mu fayilo ngakhale kwa miyezi. Tsiku limene magetsi adzazime, chinthu chimene sichachilendo m'chigawo chino, seva idzadzuka ndi mlingo watsopano, koma podzuka silemba mzere wonena kuti china chasinthika. Ngati mlingowo unapitirira mphamvu ya makina, seva ingathe kukana kuyaka, ndipo aliyense adzaloza chala kuzima kwa magetsi pamene cholakwa chinalembedwa kalekale.

Okonza PostgreSQL anachepetsako vutoli mu 9.5 ya mu Januwale 2016. Mu pg_settings anaikamo gawo la pending_restart losonyeza malangizo amene akudikira, ndipo pg_file_settings imathandiza kuona zolakwika za mu fayilo seva isanauzidwe kuiwerenga. Izi zinafika pa nthawi yake, chifukwa lamulo la ALTER SYSTEM la mu 9.4 ya mu Disembala 2014 linali litabweretsa fayilo yachiwiri, postgresql.auto.conf, imene malangizo ake amaposa a mu fayilo yoyamba. Woyang'anira amene wasintha postgresql.conf koma osaona mzere wa kusintha m'kaundula ayenera kuyamba wayang'ana mu fayilo yachiwiriyo.