Amisiri a Zikwama za pa Njinga ku Mzimba

Munthu amene wayendapo m'misewu ya ku Mzimba, kuchokera pa boma kutsikira kumwera ku Embangweni ndi ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, kufikira pa msika wa Jenda m'malire a Zambia, adziwa kuti katundu wochuluka wa dziko lino amayenda pa njinga yakapalasa. Njinga zambiri zakale zidadza ndi amuna obwerera kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo ngakhale Wenela idaleka kulemba anthu kuno m'chaka cha 1974, ndege yonyamula Amalawi itagwa ku Francistown, njingazo zidatsala, ndipo zidabala ntchito zimene zikudyetsa mabanja kufikira lero lino.

Okonza njinga awadziwa aliyense, pakuti sasowa patsinde pa mtengo, pamene amamata machubu ndi kukunga masipoko. Owotcherera nawo amamveka patali akamalimbitsa kaliyala yoti isenze matumba a chimanga kapena munthu wokwera kabaza. Koma alipo amisiri ena amene mbiri yawo siimveka, ndiwo atelala a pakhonde pa sitolo ndi osoka nsapato, amene pakati pa ntchito zawo zina amasokanso kachikwama kopachika pa mahandulo. Ndipo ine ndiyesa kuti luso lawo liyenera kulembedwa lisanaiwalike.

Ofuna kachikwamaka ndi anthu onyamula zinthu zopepuka koma zosafuna kunyowa kapena kupindika: mlangizi wa zaumoyo wopita kumidzi ndi mabuku a sikelo ya ana, mkulu wa mpingo wochokera ku Embangweni, kumene Donald Fraser adakhazikitsa mishoni mu 1902, atatenga Baibulo ndi buku la nyimbo, mphunzitsi ndi makope a ana, ndi mnyamata wa kabaza amene afuna kuti foni ndi ndalama zake zikhale pamaso pake. Kusoka thumba lenilenilo sikuvuta, pakuti chidutswa cha tenti yakutha, zipi ndi makina a Singer zikwanira. Chovuta n'chakuti nsalu payokha ilibe msana. Njinga ikayamba kudumpha m'mabampu, thumba limalendewera, likhula tayala lakutsogolo kufikira libooka. Ndipo pa njinga zakale za mabuleki a zitsulo limapanikiza timitengo ta buleki, kotero kuti wokwera angathe kuona tsoka potsetsereka. Chifukwa chake mmisiri weniweni amaika cholimbitsira m'kati.

Apa ndipo pagona nzeru yonse. Katoni ndi yosavuta kupeza, koma mvula yoyamba ya Disembala ikangoigwa imafewa n'kuwola. Pulayiwudi, imene siisowa kuno chifukwa cha nkhalango ya Chikangawa, imalimba ndithu, komabe ikamwa madzi imatupa ndi kusendeka, ndiponso imalemetsa mahandulo. Lata limachita dzimbiri ndi kucheka ulusi. Chimene amisiri ambiri adachipeza chokhalitsa ndi chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, cha malita 20, chimene chidang'aluka n'kuleka kusunga madzi.

Taonani m'mene achitira. Mmisiri atenga mpeni, nauwotcha pa mbaula ya makala, nadula mbali yosalala ya chigubu monga mwa muyeso wa thumba, kusiyako mpata wa chala chimodzi kuti chilowe bwino. Popeza pulasitikiyo imakumbukira kupindika kwake kwakale, amaiviika m'madzi owira, naigoneka pansi pa thabwa losanjikizapo njerwa mpaka izizire. Ndipo akafuna kuti chidutswa chimodzi chigwire kumbuyo ndi pansi pomwe, amachipinda chikali chotentha pamphepete pa benchi. Pamenepo asema ngodya zonse kuti zikhale zobulungira, napala m'mbali ndi tupa kapena ndi mwala, pakuti ngodya yakuthwa idya nsalu mwakachetechete. Ntchito yopala imeneyi ndiyo imadya nthawi, ndipo wopupuluma amailumpha. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Potsiriza awotcha sipoko yakutha, naboola nayo timabowo tolowetsa malamba kapena malegeni omangira ku mahandulo, kuti kulemera konse kukhale pa pulasitiki, kusakhale pa msoko. Telala waluso amasoka kathumba kam'kati kolowetsamo cholimbitsiracho, kuti mwini wake azichisolola tsiku lochapa.

Nzeru yotere si yachilendo pakati pa Angoni, pakuti aliyense amene adaonerapo ingoma pa mwambo wa Umthetho ku phiri la Hora adziwa kuti chishango cha chikopa cha ng'ombe chimaima chilili chifukwa cha ndodo yopisidwa kumbuyo kwake.

Chimene chindimvetsa chisoni ndi malipiro a anthu amenewa. Wogula amayang'ana zipi ndi mtundu wa nsalu, nayamba kunenerera: "Adada, tsitsaniko, kachikwama kakang'onong'ono chotere!" Za chigubu chimene mmisiri adachigula, za makala ndi za dzuwa lonse lopala m'mbali, iye saziwerengera, chifukwa zabisika pansi pa nsalu. Motero ena ofooka mtima amapisamo katoni n'kusokerera pakamwa pake, thumba n'kumaoneka lokongola pa tsiku logula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamwamba pa zimenezi, zikwama za m'kaunjika ndi zochokera kunja zadzaza m'misika pa mtengo wotsika, ndipo anyamata amene akadakhala pambali pa mmisiri kuphunzira kugwira mpeni wamoto, mitima yawo ili pa basi ya ku Joni. Amene atsalira pa ntchitoyi ambiri ndi achikulire, ndipo zikwama amasoka pokhapokha munthu akachita kuitanitsa ndi kuperekeratu ndalama ya chigubu. Masiku ena onse amakhala akuika zigamba pa mathalauza, kusoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kukuta makhushoni a njinga za kabaza.