Sabata imodzi ku Rome: zimene tinaona ndi zimene tinadya

Kucokera pamene tinabwerako ku Rome, akhristu anzathu atifunsa mafunso awiri cabe: “Kodi Apapa munawaona?” ndi “Nanga munali kudya ciani?” Tiyankhe onse awiri pano, cifukwa tidziwa kuti m’maparishi mwathu muli ena amene asunga ndalama za cimanga, nshawa ndi thonje kuti tsiku lina akapondeko. Ulendowu ndi wodula, ndipo munthu amene agulitsa ng’ombe kuti apeze tikiti ayenera kudziwiratu cimene akapeze kumeneko.

Tinapita mu October 2025, caka ca Jubilee, pa ndeke yodzera ku Addis Ababa, ndipo tinatera pa bwalo la Fiumicino. Tinafikira m’nyumba ya alendo yosungidwa ndi masisitere. Nyumba zotere ndi zambiri mu Rome, mtengo wake ndi wotsikirako kuposa mahotela, koma zambiri zimatseka cipata usiku pa ola loikika.

Apapa tinawaona pa Citatu, tsiku limene amakumana ndi anthu pa bwalo la St Peter. Matikiti ake ndi aulere. Mupempha pasadakhale kudzera mwa ansembe anu. Wina akakuuzani kuti mulipire, dziwani kuti afuna kukudyerani. Papa Leo XIV, amene anasankhidwa pa 8 May 2025, anazungulira pa galimoto pakati pa khamu, ndipo amene analawira m’mamawa nakhala pafupi ndi mpanda ndiwo anamuona bwino. Kulowa m’chalichi ca St Peter nakonso ndi kwaulere, koma mzere wa cipikisheni ndi wautali, ndipo amene mapewa kapena maondo ali poyera amabwezedwa. Chalichici anayamba kucimanga mu 1506 ndi kucidalitsa mu 1626. Zaka 120! Ife amene timadandaula kuti chalichi ca pa senta catenga zaka zisanu cisanafoleredwe tinayang’anana. Kukwera pamwamba pa denga lake ndi masitepe 551. Okalamba m’gulu lathu anatsala pansi, ndipo anacita bwino.

Ambiri sadziwa kuti kathidralo ya Apapa si St Peter ai, koma St John Lateran. Moyang’anana nayo muli Scala Santa, masitepe 28 amene anthu amakwera cogwada. Ku Santa Maria Maggiore tinaima pa manda a Papa Francis, amene anamwalira pa 21 April 2025. Ndi mwala wamba wolembedwa dzina limodzi lokha, Franciscus. Ena a ife tinakumbukira manda a matailosi amene mabanja amalowera nawo m’nkhongole kwathu kuno, koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina. Tinafunanso chalichi ca Santa Emerenziana, cimene Kadinala Medardo Mazombwe, uja anali bishopu wa Chipata, anapatsidwa atakhala kadinala mu 2010. Ndi chalichi ca parishi cabe, pakati pa nyumba za anthu, ndipo alendo sapitako kawirikawiri.

Colosseum, bwalo limene linatsegulidwa m’caka ca 80 ndipo linali kulowa anthu pafupifupi 50,000, tinalizungulira kwa maola awiri. Ngati ndalama ndi yocepa, kuliona kunja kukwanira. Koma manda a pansi pa nthaka a San Callisto, pa mseu wakale wa Via Appia, musawaphonye. Mumatsika m’ngalande zozizira zimene akhristu oyamba anakumba, ndipo m’makoma muli timapanga tosanjikizana, tina tating’ono ta ana. Tonse tinatulukamo tili zii.

Tsopano za m’mimba. Cakudya ca m’mawa ca ku Italy ndi kakapu ka khofi ndi kabanzi kotsekemera, kwatha. Mlimi wozolowera kandolo kapena phala amva njala 10 koloko isanakwane. Khofi mukamwa coimirira pa kauntala mulipira yuro imodzi ndi pang’ono. Mukakhala pa tebulo pafupi ndi malo ochuka, kapu yomweyo ikwera kawiri kapena katatu. Buledi amene amaika pa tebulo musanaitanitse nthawi zambiri amamuwerengera pa bilu. Cakudya ca madzulo ciyamba ca m’ma 20 koloko, nthawi imene kumudzi tagona kale. Masana tinapulumukira pa pizza al taglio, pitsa wodulidwa ndi sizasi ndi kuyesedwa pa sikelo: muloza ndi cala kukula kumene thumba lanu lilola. Madzi musagule. Mu mzinda monse muli mipopi yacitsulo yochedwa nasoni, yoposa 2,000, imene ithira madzi abwino akumwa usana ndi usiku. Nyamulani botolo.

Cimene cinatidabwitsa ndi cakuti cakudya cimene Aroma anyadira ndi ca anthu osauka. Carbonara ndi pasta wosakaniza ndi mazira, nyama ya tsaya la nkhumba, tsabola wakuda ndi chizi ca mkaka wa nkhosa. Inde, nkhosa amazikama. Ku Testaccio kunali nyumba yaikulu yophera ng’ombe imene inatsekedwa mu 1975. Nyama yabwino inali kupita kwa olemera, ndipo anchito anali kutenga zotsala: mcira, cifu, matumbo. Akazi ao anaphunzira kuziphika pang’onopang’ono ndi matimati, ndipo lero alendo alipira ndalama zambiri kuti alawe mcira wa ng’ombe wochedwa coda alla vaccinara. Mwambo wao ndi wakuti cifu cidyedwa pa Ciweru. Tinacilawa, ndipo tinene zoona, amai athu aciphika bwino kuposa iwo. Maluwa a maungu amawaviika mu ufa wa tirigu ndi kuwakazinga, koma masamba ake, ciwawa cathu, sitinawaone pa mbale iliyonse. Ndiwo yamasamba imene inatikumbutsa kwathu ndi cicoria, yowawirako pang’ono, yokazingidwa ndi adyo ndi mafuta a olivi.

Pa Testaccio pomwepo pali phiri lotalika mamita pafupifupi 35, limene si phiri la Mulungu ai. Ndi mulu wa mapale a mitsuko imene inali kubweretsa mafuta a olivi m’masiku a ufumu wa Aroma, yambiri yocokera ku Spain.

Alimi anzathu, pa Ciweru kapena pa Sondo pitani ku msika wa Campagna Amica pafupi ndi Circo Massimo. Kumeneko alimi a m’cigawo ca Lazio agulitsa okha zokolola zao, popanda wogula pakati. Tinaona kuti pafupifupi palibe amene abweretsa mbeu yosakonza yokha. Wa maolivi abwera ndi mafuta m’mabotolo, wa nkhosa abwera ndi chizi, wa matimati abwera ndi supu yosungidwa m’magalasi, ndipo botolo lililonse lili ndi dzina la famu. Tinaganiza za matimati athu amene amaolera m’mbali mwa mseu wa Great East nthawi ya zokolola. Pafupi pomwepo pali likulu la FAO, bungwe la United Nations loona za cakudya ndi ulimi, limene linasamukira ku Rome mu 1951.

Nanga nsima? Tsiku lacisanu m’gulu munayamba kung’ung’udza, ndipo sisitere mmodzi wa kumpoto kwa Italy anatimvera cisoni natiphikira polenta. Ndi ufa wa cimanga cacikasu, wophikidwa mofewa pakati pa phala ndi nsima, ndipo amathira nyama ndi supu pamwamba pake. Anatipatsa mafoloko. Mkulu wina wa ku Katete anayang’ana uku ndi uku, napita kukasamba m’manja, ndipo tonse tinamutsatira.