Zomwe Zimapinga Amayi Achikuda pa Sukulu Zaukachenjede

Mu 2019, Nicola Rollock anatulutsa lipoti lotchedwa Staying Power, panthawi imene m'dziko lonse la Britain munali amayi achikuda 25 okha a udindo wa pulofesa. Iye anacheza ndi 20 mwa iwo, ndipo ambiri anadandaula za kunyozedwa komanso kudumphidwa pokweza anthu pantchito.

Kodi vutoli limachokera kuti? Mu 1989, katswiri wa zamalamulo Kimberlé Crenshaw anafotokoza kuti tsankho la mtundu ndi tsankho losala akazi zimakumana pa munthu mmodzi. Choncho yunivesite ingathe kudzitama kuti ili ndi akazi komanso anthu akuda, pamene akaziwo ndi azungu ndipo akudawo ndi amuna. Mayi wachikuda saonekera kumbali zonse ziwiri.

Chopinga china ndi kagawidwe ka ntchito. Munthu amakwezedwa malinga ndi kafukufuku amene wasindikiza. Koma poti amayiwa ndi ochepa, iwo ndiwo amasenza ntchito yolangiza ophunzira achikuda ndi kukhala m'makomiti olimbana ndi tsankho. Ntchitozi zimadya nthawi, koma pokweza siziwerengedwa kwenikweni.

Ngakhale kutchuka sikuteteza. Mu 2021, akuluakulu a University of North Carolina anazengereza kupereka udindo wokhazikika kwa Nikole Hannah-Jones, yemwe anapata mphoto ya Pulitzer mu 2020. Atavomera mochedwa, iye anakana n'kupita ku Howard University.

Motero kulemba ntchito amayi achikuda pakokha sikukwanira. Njira zokwezera anthu ziyenera kukhala zoonekera, ndipo ntchito iliyonse imene munthu wagwira iziwerengedwa.