Kuonera n'kwaulere, koma chikalata chinagwetsa ana a ku Uganda

Mwezi wa Ogasiti uliwonse, anthu amakhamukira ku South Williamsport, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, kukaonera ana akusewera baseball. Mpikisanowu ndi Little League World Series. Unayamba mu 1947, ndipo masiku ano osewera ake ndi ana a zaka 10 mpaka 12.

Pachipata salipiritsa. Amene asowa mpando m'bwalo la Lamade amakakhala pa chitunda cha udzu chapafupi, pomwe ana amatsetsereka atakhalira makatoni. Mwana wa ku Mughese, m'mapiri a Misuku, akaona kachitundako pafoni angoseka. Phiri limenelo?

Masewerawo si ovuta kutsatira. Wina amaponya mpira, mnzake wa timu inayo amaumenya ndi ndodo n'kuliyatsa liwiro kuzungulira malo anayi. Akabwerera pomwe anayambira, timu yapata pointi. Atatu akatulutsidwa, matimu amasinthana. Amene munakulira pa fulaye mukudziwa kale kuti kuponya molunjika ndi kuwakha si zamasewera.

Koma nkhani imene ikutikhudza ife ili kunja kwa bwalo. Mu 2011, timu ya ana a ku Kampala ku Uganda inapambana m'chigawo chake n'kupeza malo ku Williamsport. Sinapite. Akuluakulu a America anakana kupereka ma visa chifukwa zikalata zosonyeza zaka za anawo zinali zosagwirizana. Tangoganizani, ana aphunzira, akhetsa thukuta, apambana, kenako pepala n'kuwatsekera njira.

A Uganda sanagwe ulesi. Mu 2012 timu ya ku Lugazi inakhala yoyamba ya mu Africa kusewera mumpikisanowu, ndipo mu 2015 ana ena a ku Uganda anathibula Dominican Republic, dziko lomwe baseball ili m'magazi, ndi mapointi 4 kwa 1. Oonera ambiri tsiku limenelo anali kumbali ya Uganda.

Kuno kwathu baseball sinamere mizu, zoona. Ku Chitipa mtima uli pa mpira wamiyendo, ndipo mnyamata wa ku Mughese amalota jezi ya Chitipa United kapena ya Flames. Komatu chipata n'chomwecho. Mpikisano uliwonse wa achinyamata wopita kunja umafuna umboni wa zaka, ndipo mawu a agogo akuti "anabadwa chaka cha njala" sagwira ntchito pa ofesi ya kazembe.

Lamulo lokakamiza kulembetsa mwana aliyense akabadwa linayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2015, ndipo ntchitoyi ili m'manja mwa National Registration Bureau. Makolo ambiri amangokumbukira za chikalatacho tsiku lomwe chafunika, pomwe nthawi yatha kale. Inu amene muli ndi mng'ono wothamanga ngati mphepo, musanamugulire nsapato za mpira, afunseni amayi ngati chikalata chake chobadwira chili m'sutikesi. Ngati mulibe, ofesi ya NRB ili pa boma ku Chitipa.